Padi Yakale Isatayidwe: Kuisintha Kuti Izigwira Ntchito Popanda Chingwe pa Makina a Gemu Atsopano

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata, makolo ndi amisiri a zamagetsi ku Area 14, mumzinda wa Lilongwe

 

Ndapemphedwa kuti ndilankhule za chinthu chimene ambiri amachiyesa choseweretsa ana basi: padi ya gemu, kachipangizo ka mabatani kamene munthu amagwira m'manja akamasewera. Funso limene latisonkhanitsa ndi lakuti, kodi padi yakale ya chingwe ingasinthidwe kuti izigwira ntchito popanda chingwe pa makina a masiku ano? Inde ingasinthidwe, ngakhale si pa makina onse, ndipo malire ake ndiwafotokoza mosabisa. Koma mfundo imene ndikufuna mupite nayo kunyumba ndi yakuti mumzinda muno mulibe chipangizo chotchipa chophunzirirapo zamagetsi choposa padi yakale, ndipo ife tikuitaya kudzala.

Kumene mapadiwa anachokera

Kampani ya Nintendo inatulutsa makina otchedwa Famicom ku Japan mu 1983, ndipo mu 1985 anafika ku America ndi dzina lakuti NES. Sega inatsatira ndi Mega Drive mu 1988, Nintendo inabweretsa Super Famicom mu 1990, ndipo Sony inalowa pabwalo ndi PlayStation mu 1994 ndi PlayStation 2 mu 2000. Kuno kwathu wayilesi ya kanema ya dziko lino inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo makanema atachuluka m'nyumba, magemu nawo anachuluka. Ambiri a inu amene tsopano muli ndi mabanja munayambira pa makina otengera Famicom, aja a makatiriji achikasu olonjeza magemu zikwizikwi pamene enieni anali ochepa. Kenako kunabwera PlayStation 2, imene inakhazikika m'mashopu a gemu ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi ndi ku Area 25, kumene anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pakanema.

Mapadi a makina onsewa anali a chingwe. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 2000. Nintendo inatulutsa WaveBird, padi yopanda chingwe ya GameCube, mu 2002, ndipo PlayStation 3 ya mu 2006 inabwera ndi padi yolumikizana kudzera pa Bluetooth. Kuchokera pamenepo PlayStation 4 ya 2013, Nintendo Switch ya 2017 ndi PlayStation 5 ya 2020 zonse zinatsata njira yomweyo. Mapadi akale anatsala opanda pobaya pulagi yawo.

Chimene chili m'kati mwa padi

Mukamasula masikuluu a padi ya NES mupeza zinthu zochepa kwambiri: bolodi imodzi, timphira takuda kunsi kwa batani lililonse, ndi chipi imodzi yotchedwa 4021. Batani likadinidwa, kamphira kamagunda tinjira tiwiri ta pabolodi n'kutilumikiza. Ntchito ya chipi ija ndi kusonkhanitsa mayankho a mabatani onse 8 ndi kuwatumiza limodzilimodzi pa waya umodzi. M'chingwe mumadutsa mawaya 5. Awiri ndi a mphamvu ya magetsi. Wachitatu ndi umene makina amauzira padi kuti igwire mmene mabatani alili panthawiyo. Wachinayi ndi wa kugunda kowerengera, ndipo wachisanu ndi wobweza yankho. Makina akagunda kamodzi padi imanena za batani A, akagundanso imanena za B, kenako Select, Start, mmwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja. Nkhani yonse yathera pomwepo. Mwana wa Fomu 2 angathe kuimvetsa masana amodzi.

Padi ya Super Nintendo, dzina lina la Super Famicom, imatsata dongosolo lomweli, kungoti mabatani ndi 12 ndipo makina amagunda ka 16. Ya Mega Drive ya mabatani atatu ili ndi pulagi ya timabowo 9 ndi chipi ya mtundu wa 74157, imene imagawa mabatani m'magulu awiri, makina n'kumasankha gulu limene akufuna kumva. Apa ndichenjeze amisiri: mapadi ambiri a makina a makatiriji achikasu ali ndi pulagi yofanana ndi ya Sega, koma m'kati amatsata dongosolo la Nintendo ndipo mawaya ake sanayalidwe mofanana. Musakhulupirire maonekedwe a pulagi kapena mtundu wa waya. Tengani mita, mutsate waya uliwonse kuchokera pa pulagi kufika pa bolodi. Paja safunsa anadya phula.

Padi ya PlayStation 2, yotchedwa DualShock 2, ndiyo yozama pang'ono. Imayendera mavolti pafupifupi 3.3, ndipo makina amaitumizira lamulo, iyo n'kuyankha ndi mndandanda wa manambala. Timitengo tiwiri toyendetsera chala chachikulu timapereka nambala yoyambira pa 0 kufika pa 255 kumbali iliyonse. Timamota tonjenjemeretsa padi tili ndi waya wakewake wofuna mavolti ochulukirapo, n'chifukwa chake osintha mapadi ambiri amayamba atisiya kaye.

Onani tsono kuti pa zonsezi palibe chimene chinakalamba. Mabatani ndi abwinobwino, bolodi ndi yolimba. Padi zambiri zimene timati zafa, vuto lake limakhala waya woduka pamene chingwe chimalowera m'padi, kapena litsiro pa timphira, limene limachoka ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti. Chimene chinatsalira m'mbuyo ndi chingwe ndi chilankhulo basi.

Womasulira pakati pa zakale ndi zatsopano

Kubwalo la milandu, agogo akamalankhula Chichewa pamene woweruza akulemba m'Chingerezi, pakati pawo pamaima womasulira. Sasintha umboni, amangounena m'chilankhulo china. Ntchito yathu yonse ndi kuika womasulira wotere pakati pa padi yakale ndi makina atsopano.

Womasulirayo ndi kakompyuta kakang'ono kokhala pa bolodi yosaposa chala m'litali. Kodziwika kwambiri ndi ESP32, kamene kampani ya Espressif ya ku Shanghai inatulutsa mu 2016, ndipo kali ndi Bluetooth ndi Wi-Fi m'kati momwemo. Palinso Raspberry Pi Pico W ya mu 2022. Mbali imodzi kachipangizoka kamadziyesa makina akale: kamagunda, kamafunsa padi, n'kumva mabatani amene adinidwa. Mbali inayo kamadziyesa padi yatsopano, n'kutumiza uthengawo pa mafunde a 2.4 GHz motsata dongosolo lotchedwa HID, lomwe makiyibodi ndi mapadi amagwiritsa ntchito polankhula ndi makompyuta ndi mafoni.

Pogula, samalani mtundu. ESP32 yoyambirira ili ndi Bluetooth ya mitundu iwiri, yakale ndi ina yosadya batire yotchedwa BLE. Mitundu ina monga ESP32-C3 ndi ESP32-S3 ili ndi BLE yokha. Foni ya Android ndi lapitopu zimalandira padi ya BLE popanda vuto, koma Switch ya 2017 imalumikizana ndi mapadi ake pa Bluetooth yakale ija. Ndiye ngati cholinga chanu ndi Switch, gulani ESP32 yoyambirira. Pulogalamu yoikamo simuyamba kuilemba nokha kuchokera pachiyambi. Anthu ena anailemba kale n'kuiika pa tsamba la intaneti la GitHub kwaulere, monga ESP32-BLE-Gamepad ya mafoni ndi makompyuta, ndi BlueCubeMod imene inapangidwira padi ya GameCube. Ntchito yanu ndi kuiwerenga, kuimvetsa ndi kuisintha kuti igwirizane ndi padi yanu.

Njira zitatu zochitira ntchitoyi

Njira yoyamba ndi yogula bolodi yokonzeratu. Mu 2018 kampani ya 8BitDo inayamba kugulitsa mabolodi olowa ndendende m'chikhokho cha padi ya NES, Super Nintendo ndi Mega Drive. Mumamasula masikuluu, kuchotsa bolodi yakale ndi chingwe chake, kuika yatsopano yokhala kale ndi batire, n'kutseka. Sipafunika kuwotcherera. Njirayi ndi yachangu, koma bolodiyo muyenera kuitanitsa kunja, inapangidwira mapadi enieni a makampani aja osati otengera, ndipo chimene mumaphunzirapo n'chochepa.

Njira yachiwiri, imene ndimalimbikitsa oyamba kumene, ndi ya kabokosi kapadera. Padi simuidula paliponse. Pulagi yake imalowa m'kabokosi momwe muli ESP32 ndi batire, ndipo kabokosiko kamakhala m'thumba kapena pampando. Ubwino wake ndi wakuti malo ogwirira ntchito ndi otakasuka, mukalakwitsa mumakonza mosavuta, ndipo padi imakhalabe yogwira ntchito pa makina ake akale.

Njira yachitatu ndi yoika zonse m'kati mwa padi. Chingwe chimachotsedwa, mawaya a bolodi amawotchereredwa ku ESP32, batire imapezeredwa malo, ndipo bowo lomwe munkatulukira chingwe limasanduka potchajira. Imeneyi ndi ya amene dzanja lazolowera chitsulo chowotcherera, monga inu okonza mafoni. Pempho langa ndi lakuti padi yeniyeni ya kampani imene idakali bwino musayambire iyo. Yambirani pa yotengera kapena yoduka chingwe kale.

Njira iliyonse imene mungasankhe, ntchito iyende mwa ndondomeko. Choyamba tsukani padi ndi kuyesa batani lililonse ndi mita. Chachiwiri lumikizani ESP32 ku lapitopu ndi chingwe cha USB, muone pagalasi ngati batani limene mwadina ndi lomwe likuoneka. Chachitatu yatsani Bluetooth, muyese pa foni. Batire ibwere pomalizira. Amene amawotcherera zonse nthawi imodzi, zikakana kuyaka sadziwa poyambira kufufuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire: apa ndi pofunika kusamala moyo

Pa ntchito yonseyi malo oopsa ndi amodzi, ndiwo batire ya lithium. Batireyi imalembedwa mavolti 3.7, ikadzaza imafika 4.2, ndipo siyenera kupitirira pamenepo kapena kutsika kwambiri kunsi kwa 3. Ikabooledwa, ikafinyidwa kapena mawaya ake akagundana, imatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo kumbukirani kuti chipangizochi chidzakhala m'manja mwa mwana.

Choncho gwiritsani ntchito kabolodi kotchajira ka TP4056, makamaka ka mtundu wokhala ndi chitetezo cha batire. Dziwani kuti timabolodi timeneti nthawi zambiri timabwera titakonzedwa kuti tizitchaja ndi ampeya imodzi yathunthu, mphamvu yochulukira kwambiri batire yaing'ono yokwana m'padi. Sinthani karesisita kamene kamalamulira mphamvuyo kuti itsike. Komanso chipi ya ESP32 siyenera kulandira mavolti oposa 3.6, ndiye pakati pa iyo ndi batire pakhale kachipangizo kotsitsa mavolti kufika pa 3.3. Batire yotupa yochotsedwa m'foni yakufa musaigwiritse ntchito ngakhale mwaipeza mwaulere. Nsonga ya chitsulo chowotcherera isagunde thupi la batire. Ndipo powotcherera tsegulani mawindo, mukamaliza sambani m'manja, chifukwa m'waya wowotcherera wambiri muli mtovu.

Malire amene makampani anaika

Tsopano ndinene zoona zake za makina atsopano, kuti wina asakalonjeze kasitomala zimene sangakwanitse. Mafoni a Android, makompyuta ndi Switch ndi zosavuta. PlayStation 4 ndi nkhani ina. Makinawa amafunsa padi chizindikiro chachinsinsi chotsimikiza kuti ndi yovomerezeka, ndipo padi yopanda chizindikirocho imasiya kumveka pakatha mphindi pafupifupi 8. PlayStation 5 inakhwimitsanso: ngakhale DualShock 4, padi ya PlayStation 4 ya Sony yomweyo, imagwira ntchito pa magemu a PlayStation 4 okha, osati a PlayStation 5. Makina a Xbox salumikizana ndi mapadi pa Bluetooth, ali ndi njira yawoyawo, ndipo mu Novembala 2023 Microsoft inayamba kutsekera kunja zipangizo zosavomerezeka.

Njira zozungulira zilipo ziwiri. Ina ndi kugula kachipangizo kobaya pa USB ya makina, monga timene imapanga kampani ya Brook ya ku Taiwan, koma muyambe mwawerenga mndandanda wa makina ndi mapadi amene kachipangizoko kamalandira. Inayo ndi imene ikutiyenera kwambiri kuno. M'mashopu a gemu muli ma DualShock 4 osweka chikhokho kapena otha mabatani, koma bolodi yake ili moyo. Bolodi imeneyo ili kale ndi Bluetooth, potchajira ndi chizindikiro chovomerezeka chija. Mmisiri waluso amatha kulumikiza mabatani a padi yakale ku bolodi imeneyo ndi timawaya tating'ono. Ndi ntchito yofuna diso lakuthwa chifukwa polumikizira pake ndi popyapyala, koma osewera magemu a nkhonya m'maiko ena akhala akuichita kwa zaka zambiri popanga zosewerera zawo. Mapadi awiri otayidwa amatulutsa imodzi yamoyo.

Enanso amafunsa ngati padi yopanda chingwe sichedwa kumva. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi pafupifupi 17 alionse, ndipo makina akale a dongosolo la PAL, la zithunzi 50, ankasintha pa mamilisekondi 20. Pulogalamu yanu ikamafunsa padi pafupipafupi kuposa pamenepo, kuchedwa kowonjezereka kumakhala kochepa. Nthawi zambiri wochedwetsa ndi kanema amene akukometsa chithunzi asanachionetse, ndiye fufuzani Game Mode pa kanema wanu. Rauta ya Wi-Fi nayo imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, choncho isakhale pafupi kwambiri ndi makina.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu

Wina anganene kuti dziko lili ndi mavuto aakulu kuposa mapadi. Ndikuvomera. Koma taonani zinthu zitatu.

Choyamba ndi ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Padi iliyonse yatsopano imachokera kunja ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwa mnyamata amene shopu ya gemu ndiyo imam'lipirira lendi, padi ikafa ndiye kuti mpando umodzi wasiya kubweretsa ndalama. Mmisiri wodziwa kuukitsa ndi kusintha mapadi ali ndi makasitomala om'dikira.

Chachiwiri ndi zinyalala. Lipoti la mabungwe a United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo gawo limene linalembedwa kuti linasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera linali pafupifupi 22 peresenti yokha. Kuno kwathu chipangizo chikatayidwa chimathera kudzala, chimawotchedwa pamodzi ndi masamba, kapena madzi a mvula amachikokolera ku Lingadzi ndi ku mtsinje wa Lilongwe. Utsi wa pulasitiki ndi mabolodi timaupuma ndife.

Chachitatu, chimene chili pamtima panga, ndi maphunziro. Mwana amene wasintha padi imodzi waphunzira kugwiritsa ntchito mita, kuwotcherera, kuwerenga chithunzi cha mayendedwe a magetsi, kusintha pulogalamu, kusamala batire ndi kufufuza vuto mwa ndondomeko. Luso lomwelo ndi limene limafunika pokonza chipangizo choyezera madzi m'thanki, cholamulira pampu ya sola m'dimba, kapena ndege zazing'ono zopanda woyendetsa ngati zimene achinyamata anayamba kuphunzira ku African Drone and Data Academy, sukulu imene inatsegulidwa muno mu Lilongwe mu Januwale 2020. Ndipo phindu la gemu ndi lakuti mwana safuna kum'kakamiza. Akufuna yekha kuti padi iyake kuti asewere. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi buku la mulaibulale. Ana athu a mumzinda ali ndi zotola zambiri kuposa zimene iye anali nazo. Chimene chikusowa ndi munthu wowalola kumasula masikuluu.

Pempho langa

Kwa inu makolo a kuno ku Area 14, ndi anzathu a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43: m'nyumba zambiri za m'madera ano muli makatoni a makina a gemu amene anagulidwa ku Johannesburg kapena ku London ana ali aang'ono. Anawo anakula, makatoni ali m'sitolo kapena m'galaja. Atulutseni. Aperekeni ku kalabu ya sayansi ya pasukulu imene muli nayo pafupi, kapena kwa mmisiri amene akuphunzitsa achinyamata. Ndipo mwana wanu akapempha sikuludalaiva kuti aone m'kati mwa padi, musam'kalipire kuti ndi wowononga. Khalani naye pansi, batire yokha muziyang'anira ndinu.

Kwa inu amisiri a mumsewu wa Malangalanga ndi mumsika waukulu: manja anu amawotcherera kale tinthu tating'ono kuposa timene tili m'padi. Onjezerani luso la pulogalamu, ndipo tengani wophunzira mmodzi, makamaka mtsikana, pakuti pamabenchi athu atsikana ndi ochepa kwambiri. Ngati mudzafike poitanitsa zipangizo za Bluetooth zambiri kuti muzigulitsa, kafunseni kaye ku MACRA, bungwe loyang'anira mafunde ndi zipangizo zolumikizirana m'dziko muno, kuti malonda anu ayende mwalamulo. Kwa kasitomala nenani zoona za makina amene padi idzagwirepo ntchito ndi amene sidzagwirepo.

Kwa aphunzitsi a sekondale, a ku Lilongwe Technical College ndi sukulu zina zoyang'aniridwa ndi TEVETA: ntchito imeneyi ikukwana m'teremu imodzi, ndipo zida zake ndi mita, chitsulo chowotcherera, lapitopu imodzi ndi ma ESP32 ochepa oti ophunzira azigawana. Iyeseni.

Kwa inu achinyamata: musagwire ntchitoyi panokha, mutu umodzi susenza denga. Khalani atatu kapena anayi, wina wa mawaya, wina wa pulogalamu, wina wolemba m'kope chilichonse chimene mwayesa ndi zotsatira zake. Zimene mwapeza zilembeni m'Chichewa, mujambule ndi zithunzi za mawaya, kuti mnzanu wa ku Mchinji kapena ku Dedza asadzavutike pamene inu munadutsa kale. Sabata ino pezani padi imodzi yotayidwa, muitsegule, muitsuke, muyese mabatani ake ndi mita. Yambirani pamenepo.